MBIRI YA ANTONIO VIVALDI, WANSEMBE AMENE ANAPHUNZITSA ANA OTAYIDWA KUIMBA

Munthu amene anayendapo pa mseu waukulu wa Great East Road, kucokera ku Chinyunyu, kupyola pa boma la Rufunsa, mpaka kukatsikira ku ulalo wa Luangwa, adziwa kuti si cacilendo kupeza anyamata atakhala pamthunzi ndi kabanjo kopanga okha. Cigubu cakale ca mafuta, kathabwa kosema ndi kasemasema, ndi waya wocotsa ku mabuleki a njinga, basi nyimbo yayamba. M'machalichi a kwa Mpanshya, kwa Shikabeta ndi kwa Bunda Bunda muli atsikana amene amagwira nyimbo yatsopano atangoimva kawiri, ngakhale kuti palibe amene anawaonetsapo m'mene nyimbo imalembedwera pa pepala. Luso m'midzi mwathu lilimo. Cimene cimasowa ndi munthu woligwira dzanja lisanazilale, makamaka pamene mwana waluso uja ali wamasiye, woleredwa ndi agogo amene nkhawa yao yoyamba ndi ya ufa wa mawa.

Cifukwa ca ici, sabata ino tikupatsirani mbiri ya wansembe wina wa ku Italy, Bambo Antonio Vivaldi, amene anamwalira m'caka ca 1741. Dziko limawakumbukira monga mmodzi wa akatswiri opeka nyimbo, koma nchito imene anayamba nayo, ndi imene anabwererako kawirikawiri pa zaka zoposa 35, inali yophunzitsa atsikana amene anatayidwa ali makhanda kuliza zoimbira, mpaka gulu lao linamveka mbiri m'Ulaya monse.

KUBADWA NDI KUKULA

Antonio Lucio Vivaldi anabadwa pa 4 March 1678 mumzinda wa Venice. Mzinda umenewu ngodabwitsa, pakuti unamangidwa pa tizilumba tambiri m'mphepete mwa nyanja ya mcere, ndipo m'malo mwa miseu yaikulu uli ndi ngalande zoyendamo mabwato. Masiku amenewo Venice linali dziko lodzilamulira lokha, lolemera ndi malonda a pamadzi, ndiponso lokonda nyimbo ndi zikondwerero.

Mwanayo anabadwa wofooka kwambiri, kotero kuti mzamba, poopa kuti angatsirizike asanaone wansembe, anamubatiza pomwepo m'nyumba. Miyambo yotsala ya ubatizo inacitika patapita miyezi iwiri m'chalichi ca San Giovanni in Bragora. Amai ake, Camilla Calicchio, anali mwana wa telala. Atate ake, Giovanni Battista Vivaldi, anayamba ndi nchito yometa anthu tsitsi, koma anali ndi luso la vayolini limene linawalowetsa m'gulu la oimba a m'chalichi cacikulu ca San Marco m'caka ca 1685. Kwa amene sanamuonepo, vayolini ndi mbale wake wa kaligo. Onse awiri amalira pokhwekhweza nsambo ndi kauta, koma kaligo ali ndi nsambo imodzi pamene vayolini ali ndi zinai, ndipo woimba amamupanira pakati pa phewa ndi cibwano. Antonio anakula akumva coimbira cimeneci m'nyumba mwao, ndipo pa Khrisimasi ya 1696 anaitanidwa kukathandiza oimba a ku San Marco komwe kunali atate ake.

Banjalo silinali lolemera, ndipo kwa mnyamata wa m'banja lotere njira ya unsembe ndiyo inali kutsegula khomo la maphunziro ndi ulemu. Anayamba maphunziro a unsembe m'caka ca 1693 ali ndi zaka 15, akugona kwa makolo ake, ndipo anadzozedwa mu March 1703. Popeza kuti anali ndi tsitsi lofiira longa la atate ake, anthu a mumzinda anamupatsa dzina lakuti Wansembe Wofiira, dzina limene linamukanirira moyo wake wonse.

Koma Bambo Vivaldi sanakhalitse pa guwa la nsembe. Kuyambira ubwana anali ndi nthenda yothina pacifuwa, imene ambiri amaganiza kuti inali mphumu. M'kalata imene analemba atakalamba anafotokoza kuti katatu konse anatsika pa guwa Misa isanathe cifukwa ca kubanika, ndipo pambuyo pake analeka kupereka Misa. Unsembe wokha sanausiye mpaka imfa.

NYUMBA YA ANA OTAYIDWA

Mu September 1703, miyezi yowerengeka atadzozedwa, analembedwa nchito yophunzitsa vayolini pa nyumba yochedwa Ospedale della Pietà, pa malipiro a madukati 60 pa caka. Nyumba imeneyi inayambidwa m'caka ca 1346 ndi mmonke wa cipani ca Francisko Woyera dzina lake Pietro wa ku Assisi, ndipo inali imodzi ya nyumba zinai zazikulu zacifundo za mumzindawo. Zinzake zitatu zinali Incurabili, Mendicanti ndi Derelitti. Nchito ya Pietà inali kulandira makhanda amene makolo ao sanathe kuwalera, ena cifukwa ca umphawi, ena cifukwa ca manyazi a mimba yapathengo, ena cifukwa ca matenda.

Pa khoma la nyumbayo panali kaboo kokwanira khanda lokha. Mai anali kufika mobisika, kuika mwana wake pamenepo, ndi kubwerera osaonedwa. Ena anali kusiya theka la kacithunzi kapena la kandalama m'nsalu za mwanayo, theka lina nkusunga okha, kuti tsiku lina zinthu zikadzawayendera adzathe kumuzindikira. Alembi a nyumbayo anali kulemba zonsezi m'buku. Makhanda anali kutumizidwa kwa amai oyamwitsa a kumidzi, ndipo akakula pang'ono anali kubwezedwa. Anyamata anali kuphunzitsidwa nchito za manja ndi kutuluka akafika pa unyamata. Atsikana ambiri anali kuphunzira kusoka, kuluka ndi kucapa, koma amene anaonetsa khutu labwino anali kusankhidwa kulowa m'gulu la oimba. Pofika m'caka ca 1738 m'nyumbamo munali anthu pafupifupi 1,000, ndipo oimba anali gawo laling'ono cabe la iwo.

Kaphunzitsidwe kake nkoyenera kukamvetsa bwino, pakuti ndiko kanali mphamvu ya nyumbayo. Akuluakulu oyang'anira anali kulemba nchito aphunzitsi ocepa aamuna ocokera kunja, monga Bambo Vivaldi. Aphunzitsiwo anali kusula atsikana amene anali atapita kale patsogolo, ndipo atsikana amenewo ndiwo anali kuphunzitsa ang'ono ao tsiku ndi tsiku. Mwana anali kuphunzira kuwerenga zizindikiro za nyimbo ndi kuimba ndi pakamwa, kenaka nkupatsidwa coimbira, ndipo waluso anali kudziwa zoimbira ziwiri kapena kuposerapo. Amene anakhwima anali kukwezedwa kukhala aphunzitsi, ndipo ena analoledwa kulandira ana a anthu olemera amene makolo ao anali kulipira kuti aphunzire pamodzi ndi ana otayidwawo. Pa nchito ya Bambo Vivaldi panalinso kufunafuna ndi kugula mavayolini ndi mauta ake, kuti wophunzira asakhale manja lende.

Pa Sondo ndi pa masiku a zikondwerero atsikanawo anali kuimba m'chalichi ca nyumbayo ataima pa nsanja zam'mwamba, kuseri kwa zitsulo zolukana, kotero kuti anthu anali kuwamva bwino koma osawaona nkhope. Popeza munali m'nyumba ya Mulungu, kuomba m'manja kunali koletsedwa, ndipo omvera akakondwa anali kutsokomola ndi kupalasa mapazi pansi. Mlendo wina wa ku France, Charles de Brosses, amene anaceza ku Venice m'caka ca 1739, analemba kuti pa kuimba kumodzi panali kukhala atsikana ngati 40, ndi kuti mwa nyumba zinai zija Pietà ndiyo inapambana pa zoimbira. Mafumu ndi nduna zocokera kumaiko akutali sanali kucoka mumzindamo osakamva anawo, ndipo zopereka zao ndi cuma cimene olemera anali kusiyira nyumbayo pomwalira zinathandiza kudyetsa ana onse, oimba ndi osaimba omwe. Akulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Ana amene dziko linawakana pa tsiku lobadwa anasanduka ulemerero wa mzinda.

NCHITO YOPANDA MPANDO WOKHAZIKIKA

Ngakhale kuti anali waluso, Bambo Vivaldi sanali kugona tulo tofa nato pa nchitoyo. Caka ciri conse oyang'anira nyumba anali kuponya mavoti kuti aone ngati mphunzitsi apitirize, ndipo panafunika magawo awiri mwa atatu kuti munthu akhalebe. Mu February 1709 mavoti sanakwane, ndipo anacotsedwa. Ena mwa olemba mbiri amaganiza kuti luso lao lomwe ndilo linawadya, pakuti ophunzira ao anali atakhwima kale mwakuti oyang'anira anaona ngati kulipira mphunzitsi wakunja nkuononga ndalama. Mu September 1711 anawaitananso. M'caka ca 1713 mkulu wa oimba onse, Francesco Gasparini, anapempha chuthi nacoka osabweranso, ndipo kwa zaka zingapo nchito yopeka nyimbo za m'chalichi inagwera Bambo Vivaldi. M'nthawi imeneyi ndi m'mene anapeka Gloria wochuka amene makwaya a m'maiko ambiri amaimba mpaka lero. M'caka ca 1716 anapatsidwa udindo wa mkulu wa zoimbira, ndipo caka comweco anapeka nyimbo yaitali ya nkhani ya Yuditi, yochedwa Juditha triumphans, pokondwerera kupambana kwa asilikali a Venice pa nkhondo yolimbana ndi Aturuki pa cilumba ca Corfu. Mbali zonse za nyimboyo, ngakhale za amuna ankhondo, zinaimbidwa ndi akazi a ku Pietà.

Mtundu wa nyimbo umene anaudziwa koposa umachedwa concerto. Ife amene tinakulira pa bwalo la ng'oma ndi pa mtondo sitingabvutike kuumvetsa. Woimba mmodzi amatsogolera ndi coimbira cake, kuonetsa luso lake lonse, ndipo gulu lonse limabvomera ndi kanyimbo kamene kamabwerabwera, monga m'mene amai amabvomerera mnzao wotsogolera nyimbo posinja. Nyimbo zambiri zotere zimakhala ndi zigawo zitatu, coyamba cofulumira, cacikati codekha, cotsiriza cofulumiranso. Bambo Vivaldi anapeka nyimbo zotere pafupifupi 500. Mwa izo, pafupifupi 230 nza vayolini mmodzi wotsogolera, ndipo zina nza zitoliro za mitundumitundu, za malipenga, za mandolini ndi za celo, amene ndi vayolini wamkulu wa mau a besi. Cimodzi mwa zifukwa za kuculuka kwa mitunduyi ncakuti m'nyumba muja munali atsikana odziwa zoimbira zosiyanasiyana, ndipo mphunzitsi anali kupekera munthu amene anali kumudziwa dzanja lake.

ANNA MARIA

Mwa ophunzira ao onse, amene anamveka koposa ndi Anna Maria. Iye anabadwa m'caka ca 1696 ndipo anakulira m'nyumbamo. Monga anzake onse analibe dzina la atate, motero anali kuchedwa ndi dzina la coimbira cake, Anna Maria wa Vayolini. M'caka ca 1712, ali ndi zaka 16, nyumbayo inamugulira vayolini wakewake pa madukati 20, gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro a caka conse amene mphunzitsi wake anayambira. Bambo Vivaldi anamupekera nyimbo zoposa 20, ndipo buku lake loimbiramo likusungidwa ku Venice mpaka lero. Pambali pa vayolini anadziwanso zoimbira zina zingapo, ndipo alendo a ku Germany ndi ku France amene anamumva anamuwerengera pamodzi ndi akatswiri aamuna opambana a m'Italy. M'caka ca 1737 anakwezedwa kukhala mtsogoleri wa oimba, ndipo wophunzira wake, Chiara, anadzamvekanso mbiri.

Koma tisabise mbali yowawa ya nkhaniyi. Moyo wa m'nyumbamo unali wotsekeredwa, wa malamulo okhwima, ndipo kutuluka kunja kunali kwa apo ndi apo, mwa cilolezo. Mtsikana woimba akafuna kukwatiwa nyumbayo inali kumupatsa cuma colowera m'banja, koma panali pangano lakuti asadzaimbenso pamaso pa anthu. Motero waluso anayenera kusankha cimodzi, banja kapena nyimbo. Anna Maria anasankha nyimbo. Mbiri yake inaoloka mapiri ndi nyanja, koma mwini wake anakalambira m'nyumba imene anakuliramo, namwaliramo m'caka ca 1782 ali ndi zaka 86.

KUMVEKA M'MAIKO

M'zaka zomwe zija zoyambirira za m'ma 1700, pamene amalonda Acipwitikizi anali kumanga msika wao ku Zumbo, pamene Luangwa amathira mu Zambezi, dzina la Bambo Vivaldi linali kufalikira kumpoto kwa Ulaya. Buku lao loyamba la nyimbo linasindikizidwa ku Venice m'caka ca 1705, koma limene linawachukitsa ndi L'estro armonico, la nyimbo 12, losindikizidwa ku Amsterdam m'caka ca 1711 ndi Estienne Roger. Ku Germany, Johann Sebastian Bach, amene ambiri amamuyesa mkulu wa opeka nyimbo onse a nthawiyo, anakopera zina mwa nyimbozo ndi kuzikonza kuti ziimbidwe pa limba, pofuna kuphunzira m'mene zinamangidwira. Katswiri wa vayolini wa ku Dresden, Johann Georg Pisendel, anafika ku Venice m'caka ca 1716 naphunzira kwa Wansembe Wofiira.

M'caka ca 1725 ku Amsterdam komweko kunatuluka buku lina, m'mene munali nyimbo zinai zodziwika ndi dzina lakuti Nyengo Zinai. Nyimbozi zimajambula caka ca mlimi wa ku Italy popanda liu limodzi la pakamwa. M'nyengo yophukira mitengo mumamveka mbalame, kamtsinje, mbusa atagona ndi galu wake akuuwa. M'nyengo yotentha muli ulesi wa dzuwa, nchenche zosautsa, ndi mkuntho wa matalala umene ugwetsa mbeu m'munda. M'masika muli anthu obvina atakhuta mowa wa zokolola, ndi alenje otuluka m'mamawa ndi agalu. M'nyengo yacisanu muli mano ogwedezeka, munthu woterereka pa madzi oundana, ndi mvula yogwa kunja pamene anthu akuotha moto. Ambiri a inu munazimvapo nyimbozi pa wailesi kapena pa lamya osadziwa mwini wake.

Kuyambira m'caka ca 1713, pamene sewero lao loyamba loimba, Ottone in villa, linaonetsedwa ku Vicenza, analowanso m'malonda a masewero ochedwa opera. Anali kupeka nyimbo, kulemba nchito oimba, ndi kuyendetsa ndalama za nyumba ya masewero ya Sant'Angelo ku Venice. Kuyambira 1718 mpaka 1720 anatumikira bwanamkubwa wa mzinda wa Mantua, Philip wa ku Hesse-Darmstadt, ndipo m'zaka za 1723 ndi 1724 anali ku Rome, kumene anaimbira Papa. M'caka ca 1728 anakumana ndi Mfumu Yaikulu Charles VI ku Trieste, ndipo mfumuyo inawapatsa unyolo wa golide ndi ndalama.

Pa maulendo onsewa cingwe cao ndi ana a ku Pietà sicinaduke. Mu July 1723 oyang'anira anapangana nao kuti azipereka nyimbo ziwiri zatsopano mwezi uli wonse, ndi kuti akakhala mumzinda aziyeseza ndi atsikanawo katatu kapena kanai pa nyimbo iri yonse. Akakhala kutali anali kuzitumiza pa positi. Mabuku a ndalama a nyumbayo amaonetsa kuti m'zaka zotsatira analipidwa pa nyimbo zoposa 140.

KUGWA KWA MTENGO WAUKULU

Bambo Vivaldi sanali munthu wofatsa pa zinthu zonse. Anali wodzidalira, wolimba pa mitengo ya nyimbo zao, ndipo De Brosses uja anawamva akudzitama kuti angathe kupeka nyimbo yonse mofulumira kuposa m'mene mlembi angaikoperere. Mlendo yemweyo anaonanso kuti anthu a ku Venice anali atayamba kutopa nao, pakuti mtima wa mzindawo unali utatembenukira ku maimbidwe atsopano.

Panalinso mphekesera. Woimba wina wamkazi, Anna Girò, amene anali wophunzira wao ndi wotsogolera m'masewero ao ambiri, anali kuyenda nao pa maulendo pamodzi ndi mkulu wake Paolina. M'caka ca 1737 Kadinala Tommaso Ruffo anawaletsa kulowa mumzinda wa Ferrara, kumene anali atakonza kale masewero ndi kulonjeza oimba malipiro, ponena kuti ndi wansembe wosapereka Misa ndiponso woyenda ndi mkazi woimba. Bambo Vivaldi anakana mlanduwo m'kalata yaitali, nafotokoza za nthenda yao ndi kuti akaziwo anali kukhala nyumba ina, koma ciletsoco cinawalowetsa m'mabvuto a ndalama. Atate ao, amene anayenda nao ndi kuwathandiza kukopera nyimbo zaka zambiri, anali atamwalira m'caka ca 1736. M'caka ca 1738 mavoti a ku Pietà anawakananso.

Pa 21 March 1740 atsikana a ku Pietà anaimbira Friedrich Christian, mwana wa mfumu ya ku Saxony, ndipo nyimbo za zoimbira za tsikulo zinali za mphunzitsi wao wakale. Kumeneko kunali ngati kutsazikana. Patapita milungu yowerengeka anagulitsa mulu wa nyimbo zao ku nyumbayo pa mtengo wotsika, nanyamuka ulendo umene unakathera ku Vienna, likulu la Charles VI. Tsoka ilo, mfumuyo inamwalira pa 20 October 1740. Nyumba za masewero zinatsekedwa cifukwa ca maliro, ndipo nkhondo yolimbirana ufumu inabuka. Mkulu wodwaladwala uja anatsala m'dziko lacilendo wopanda womuyang'anira.

Anamwalira usiku wa pa 27 kucera pa 28 July 1741, ali ndi zaka 63, m'nyumba ya mai wina wamasiye amene mwamuna wake anali wosoka zishalo za akavalo. Anaikidwa tsiku lomwelo m'manda a cipatala ca mzindawo, pafupi ndi chalichi ca Karlskirche, pa mwambo wamaliro wamba umene unadya maflorini 19 ndi makreuzer 45. Mandawo anafafanizidwa patapita zaka, ndipo pamalopo pali sukulu yaikulu ya zaumisiri ya Vienna.

MAPEPALA AMENE ANAUKA

Kwa zaka pafupifupi 200 dzina la Vivaldi linali kudziwika kwa akatswiri ocepa okha, makamaka amene anali kufufuza za Bach. Mapepala amene anasiya m'nyumba mwao ku Venice anagulidwa ndi munthu wolemera wokonda mabuku, Jacopo Soranzo, kenaka analowa m'banja la Durazzo la ku Genoa, kumene anagawidwa pawiri monga cuma camasiye.

M'caka ca 1926 ansembe a cipani ca Salesian pa sukulu ina m'dera la Monferrato anafuna kugulitsa mabuku akale amene anapatsidwa, kuti apeze ndalama zokonzera nyumba zao. Anapempha a nyumba ya mabuku ya boma ku Turin kuti awauze mtengo wake, ndipo katswiri wa nyimbo Alberto Gentili atatsegula mabokosiwo anapeza nyimbo zambirimbiri zolembedwa ndi dzanja la Vivaldi. Poona manambala a mabukuwo anazindikira kuti theka lina likusowa, ndipo atafufuza linapezeka kwa mdzukulu wina wa banja la Durazzo. Nyumba ya mabuku inalibe ndalama zogulira. Theka loyamba linagulidwa m'caka ca 1927 ndi Roberto Foà, ndipo laciwiri m'caka ca 1930 ndi Filippo Giordano. Onse awiri anali atate ofedwa, ndipo anapereka mabukuwo kwa anthu onse pokumbukira ana ao, Mauro ndi Renzo, amene anamwalira ali ang'ono. Motero nyimbo zimene zambiri mwa izo zinapekedwera ana opanda makolo zinapulumutsidwa ndi makolo otaya ana. Mabuku a Vivaldi amenewa ndi 27, ndipo ali ku Turin. Mu September 1939 Alfredo Casella anakonza sabata yathunthu ya nyimbo za Vivaldi ku Siena, ndipo nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha zinafalikira pa malekodi ndi pa wailesi m'maiko onse.

CIMENE CATSALIRA IFE

Gulu la oimba la ku Pietà linazilala pang'onopang'ono dziko la Venice litagwa m'manja mwa Napoleon m'caka ca 1797, koma nzeru yake sinafe. M'caka ca 1975 José Antonio Abreu wa ku Venezuela anasonkhanitsa acinyamata 11 mumzinda wa Caracas, nayamba nchito yochedwa El Sistema, imene inafikira ana zikwi mazana a m'makomboni osauka. Mmodzi wa anawo, Gustavo Dudamel, anakula kukhala wotsogolera magulu akulu a oimba a m'Ulaya ndi m'America. Muno m'Africa, Armand Diangienda anayamba gulu la zoimbira zotere ku Kinshasa m'caka ca 1994, pamene zoimbira zinali zocepa mwakuti oimba anali kubwerekana ndipo zina anali kupanga okha. Ku Soweto, Rosemary Nalden anatsegula sukulu ya Buskaid m'caka ca 1997, ndipo ku Maputo nchito ya Xiquitsi inayamba m'caka ca 2013. M'malo ambiri otere, monga ku Pietà, wophunzira wamkulu ndiye amagwira dzanja la wamng'ono. Kwathu kuno, pa Evelyn Hone College ku Lusaka pamaphunzitsidwa nyimbo, ndipo aphunzitsi otuluka kumeneko amatumizidwa m'masukulu a m'dziko muno.

Sitikunena kuti mudzi uli wonse wa m'Rufunsa ugule mavayolini. Zimene zinakweza ana a ku Pietà zinali zinthu zimene sukulu kapena mpingo wa kumudzi ungayese ndi ng'oma, kalimba, silimba, banjo ndi gitala: mphunzitsi wodziwa amene amabwera pa nthawi yake ndi kulandira kanthu, zoimbira zosungidwa bwino ndi kukonzedwa zikaonongeka, kuphunzitsa mwana kuwerenga ndi kulemba nyimbo kuti isafe ndi mwini wake, ndi tsiku loikika limene ana amaimba pamaso pa anthu. Cimene sitiyenera kutengera ndi zitsulo zija zobisa nkhope, ndi pangano louza mtsikana kuti asankhe pakati pa luso lake ndi banja.

M'mera mpoyamba, ndipo mwana wa mnzako ngwako yemwe. Aphunzitsi akulu a masukulu, akulu a mipingo, mafumu ndi makolo, yang'anani bwino mwa ana amene amakhala kumbuyo kwa kwaya, ndi amene amasema mabanjo m'mbali mwa mseu. Anna Maria analowa m'nyumba ya Pietà wopanda dzina la atate, ndipo tikumuchula lero patapita zaka zoposa 240 cimwalirire cifukwa panapezeka anthu amene anamugulira vayolini, ndi mphunzitsi amene anakhala pansi kumuphunzitsa.